Khansa ya m'magazi mwa ana: matenda obisala kuseri kwa malungo

Ndipereke moni wapadera kwa inu amene mukudwazika ana m'zipatala, mwagona pansi pafupi ndi bedi, wailesi ili pambali. Nkhani ya lero ikukhudza inu kwambiri.

Lero tikambe za matenda amene ambiri a ife sitinawamvepo akutchulidwa pamaliro a mwana. Matenda ake ndi khansa ya m'magazi. Azachipatala amati leukemia. Funso langa ndi limodzi. Kodi matendawa ndi ochuluka bwanji kumadera osauka, kumidzi yotalikana ndi chipatala, m'mayiko ngati lathu lino?

Tiyambe ndi zimene zalembedwa m'mabuku.

Ku Ulaya ndi ku America, khansa ya m'magazi ndiyo imatsogola pa khansa zonse za ana. Pa ana 10 odwala khansa kumeneko, pafupifupi 3 amakhala ndi imeneyi. Koma mukatsegula mabuku a kuno ku Africa, kummwera kwa chipululu cha Sahara, mupeza zina. Mupeza kuti khansa ya m'magazi yalembedwa mochepa kwambiri. Kuno ku Malawi, khansa yodziwika kwambiri mwa ana ndi ija yotupitsa tsaya kapena mimba, yotchedwa Burkitt. Pali ina ya impso. Pali inanso ya pakhungu yotchedwa Kaposi. Khansa ya m'magazi imabwera m'mbuyo.

Munthu akhoza kuwerenga zimenezi n'kupuma. Akhoza kunena kuti tili ndi mwayi, awa ndi matenda a ana a anthu olemera. Ine ndikuti ayi, tisafulumire. Buku limalemba mwana amene wafika kuchipatala chachikulu, n'kuyezedwa, matenda ake n'kudziwika. Nanga mwana amene sanafike? Nanga amene anafika, koma magazi ake sanaunikidwe? Ameneyo sali m'buku. Koma kusakhala m'buku sikutanthauza kuti sanadwale.

Gwirani mawu amenewa, chifukwa ndibwereranso kwa iwo. Kusalembedwa si kusadwala.

Tsopano tione kuti matendawa ndi otani.

Magazi athu amapangidwa m'kati mwa mafupa, mu mafuta ofewa aja amene timawaona tikaswa fupa la ng'ombe. M'menemo mumapangidwa tizigawo tofiira tonyamula mpweya. Mumapangidwa tizigawo toyera, asilikali olimbana ndi matenda. Mumapangidwanso tizigawo tina totseka bala kuti magazi asiye kutuluka. Khansa ya m'magazi imayamba pamene kachigawo kamodzi koyera kasokonekera kadakali kakhanda. Kamayamba kuswana mosalekeza. Sikakhwima, sikagwira ntchito, koma kamangochuluka. Zili ngati udzu umene wagwira munda wosapalira. Chimanga chilipo, koma chasowa malo, chasowa chakudya, chayamba kuchita chikasu.

Ndiye mwana amaoneka bwanji? Amachepa magazi. Zikhatho zimayera, m'maso mumayera, amatopa msanga. Thupi limatentha, kusiya, kutenthanso. Amatuluka kamfuno kawirikawiri, kapena magazi m'nkhama. Pakhungu pamaoneka zipsera zakuda ngati wamenyedwa, pamene palibe amene wamumenya. Amatuluka anabere m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Mimba imakula chifukwa kapamba ndi chiwindi zatupa. Ndipo ambiri amalira mafupa. Mwana amene ankathamanga amayamba kutsimphina, kenako kukana kuyenda, kumangofuna kuberekedwa. Mtundu wofala kwambiri wa khansayi umakonda ana a zaka 2 mpaka 5, ngakhale okulirapo nawonso amadwala.

Mwamva zizindikirozo? Kutentha thupi. Kuchepa magazi. Kutupa kapamba. Kodi mayi wa ku Nsanje, wa ku Salima, wa ku Karonga akamva zimenezi, aganiza za chiyani? Malungo. Ndipo sakulakwa. Pa ana ambirimbiri amene ali ndi zizindikiro zotere, ochuluka zedi amakhaladi ndi malungo. Apa ndi pamene pagona vuto lathu. Khansa ya m'magazi imavala malaya a malungo.

Tiyeni titsatire mwana mmodzi, monga mmene zimachitikira nthawi zambiri. Tiyerekeze kuti ndi mtsikana wa zaka 4. Thupi latentha masiku awiri. Amayi ake amubereka, ulendo wa kuchipatala chaching'ono. Afika mmawa, apeza mzere wafika panja. Wachipatala ndi mmodzi, odwala ndi ankhaninkhani. Mwana abayidwa pachala, kadontho ka magazi kaikidwa pa kachipangizo koyezera malungo. Timizere tiwiri. Malungo alipo. Apatsidwa mankhwala a malungo a LA, abwerera kunyumba. Mwina malungowo analipodi, chifukwa mwana akhoza kukhala ndi matenda awiri nthawi imodzi. Thupi lizizira pang'ono. Pakatha masabata awiri, latenthanso. Tsopano mwana sakudya. Akuti miyendo ikupweteka. Abwereranso. Ulendo uno kamzere n'kamodzi, malungo palibe. Apatsidwa panado ndi mankhwala ena opha tizilombo. Mwezi utha. Mwana wayera ngati pepala. Atumizidwa kuchipatala cha boma. Kumeneko amuthira magazi. Mawa lake wadzuka, wapempha phala. Amayi ake athokoza Mulungu, atulutsidwa. Koma magazi othiridwa aja sakhalitsa, chifukwa kumene magazi amapangidwa kudakali kosokonekera. Masabata atatu, mwana wayeranso.

Apa achibale amakhala pansi. Wina amati, kuchipatala alephera, izi si zachipatala. Wina amati, pali amene akumumwa magazi usiku. Wina amayang'ana makolo ndi diso loipa, akuti ndi tsempho, wina sanasunge mwambo. Mbuzi igulitsidwa, ulendo wa kwa sing'anga. Mwana amwalira panyumba. Pamaliro amfumu kapena mwini mbumba aimirira, anena kuti mwanayu wadwala malungo kwa nthawi yaitali, magazi amangomuthera. Anthu agwedeza mitu. Nkhani yathera pomwepo.

Ndikufunseni, omvera. M'buku la khansa la dziko lino, mwana ameneyu walembedwa pati? Palibe. Wawerengedwa ngati wa malungo, kapena sanawerengedwe n'komwe. Ndipo dziwani kuti palibe amene wachita nkhanza m'nkhaniyi. Mayi anayesetsa. Wachipatala anayeza chimene anali ndi chipangizo chake. Chimene chinasowa n'chakuti wina aunike magazi a mwanayo bwinobwino, awerenge tizigawo take, ayang'ane kadontho kamodzi pa maikulosikopu.

Tsopano tiyerekeze ndi khansa ija yotupitsa tsaya. N'chifukwa chiyani imadziwika kwambiri? Chifukwa choyamba n'chakuti ndi yochulukadi kuno kwathu. Dokotala wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, anaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Uganda. Mu 1961 iye ndi anzake anayenda ulendo wautali pagalimoto, kulowa chipatala ndi chipatala m'mayiko a chigawo chino, kuphatikizapo dziko lathu pamene linkatchedwa Nyasaland. Anapeza kuti chotupachi chimakonda malo otentha ndi achinyezi, kumene udzudzu umachuluka. Pambuyo pake zinadziwika kuti malungo obwerezabwereza ali ndi gawo pa khansa imeneyi. Koma chifukwa chachiwiri n'chapafupi. Chotupa cha pa tsaya chimaoneka. Wokwera kabaza amachiona. Mphunzitsi amachiona. Palibe amene anganene kuti ndi malungo. Pamene khansa ya m'magazi ilibe chotupa choti n'kuloza. Ili m'kati mwa mafupa. Choncho yooneka imawerengedwa, yobisika imatsala.

Kodi osawerengedwawo ndi angati? Apa ndikupatseni ziwerengero zochepa chabe. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa pa dziko lonse. Mu 2019, akatswiri a ku yunivesite ya Harvard anatulutsa kafukufuku amene anaonetsa kuti pa ana 10 odwala khansa, oposa 4 matenda awo sadziwika n'komwe. Ku Ulaya wa kumadzulo ndi ku North America, osadziwikawo ndi ochepa kwambiri. Koma ku Africa wa kumadzulo, anapeza kuti amaposa theka. Taganizirani. Oposa theka amadwala, ambiri n'kumwalira, popanda munthu wotchula dzina la matenda awo.

Ndisakubisireni mbali ina. Akatswiri ena amakhulupirira kuti mtundu wofala uja wa khansa ya m'magazi ukhoza kukhaladi wocheperapo kumadera akumidzi. Mmodzi wa iwo ndi Mel Greaves wa ku London. Iye amati mwana amene wakumana ndi tizilombo wamba adakali wakhanda, amene wayamwa nthawi yaitali ndi kusewera ndi ana anzake, chitetezo cha m'thupi mwake chimaphunzira msanga, ndipo zimenezi zimamutchinjirizako. Maganizo amenewa ali ndi owatsatira ambiri. Koma kucheperapo si kusowa. Ndipo umphawi si chishango. Mzinda wa Mexico City, umene uli ndi mabanja osauka ochuluka, uli m'gulu la malo amene khansa ya m'magazi mwa ana yapezeka yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Kumeneko anaiona chifukwa anayamba kuwerenga mosamala. Zimenezi zachitika m'malo ambiri. Chipatala chikapeza makina oyezera ndi munthu wodziwa kuunika magazi, ana a khansa ya m'magazi amayamba kupezeka. Sikuti matenda abwera ndi makinawo. Analipo kale.

Kusalembedwa si kusadwala.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga kuwerengako kuli ndi phindu lanji? Mwana wadwala ndiye wadwala. Phindu lake ndi ili. Boma limagula mankhwala poyang'ana mabuku. Limaphunzitsa madokotala poyang'ana mabuku. Mabungwe othandiza nawonso amafunsa kuti odwala ndi angati. Ngati buku likuti matendawa kulibe, ndani adzaika ndalama pa matenda amene kulibe? Ndiye mankhwala sabwera. Makina sabwera. Ana sapezeka. Buku limapitiriza kunena kuti kulibe. Zinthu zimangozungulira choncho, chaka ndi chaka.

Tsopano ndifike pa mbali imene ndikufuna kuti aliyense aimve, ngakhale amene anali kuodzera. Khansa ya m'magazi mwa ana imachizika. Ndibwereze. Imachizika.

Kale sizinali choncho, ngakhale kwa azungu. Mwana akapezeka nayo, makolo ankauzidwa kuti atsala ndi miyezi yochepa. Mu 1948, dokotala wina wa ku Boston ku America, Sidney Farber, anaonetsa koyamba kuti mankhwala akhoza kubweza matendawa m'mbuyo, ngakhale kwa kanthawi. Pamene chipatala cha ana cha St. Jude chimatsegulidwa ku Memphis mu 1962, pa ana 100 odwala mtundu wofala uja, amene ankapulumuka anali 4 okha. Lero, m'mayiko olemera, pa ana 10 amachira pafupifupi 9. Amakula, amaphunzira, amakwatira, amabereka ana awo. Ndipo mankhwala ambiri amene amachiritsa si achilendo kapena a dzulodzulo. Ambiri ndi akale, ndipo mtengo wake si woopsa kwenikweni.

Amodzi mwa mankhwalawo mwina mumawadutsa tsiku ndi tsiku osadziwa. Pali kaduwa kena kamene kamamera m'mabwalo a nyumba, kutchalitchi, ngakhale kumanda. Masamba ake ndi obiriwira monyezimira, maluwa ake ndi apinki kapena oyera, okhala ndi timasamba tisanu. Kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar. M'chomera chimenechi ndi mmene asayansi anapezamo mankhwala otchedwa vincristine, amene mpaka lero ndi msana wa chithandizo cha khansa ya m'magazi. Koma ndikuchenjezeni mwamphamvu. Musathyole masamba ake n'kuwiritsira mwana. Chomeracho chili ndi poizoni. Mankhwalawo amatengedwa m'fakitale, pang'ono zedi kuchokera ku mulu waukulu wa masamba, n'kuperekedwa m'mitsempha ndi muyezo wa dokotala. Kuwiritsa masamba sikuchiza khansa, koma kukhoza kupha mwana.

Nanga ngati mankhwala alipo, bwanji ana a kumadera osauka akumwalirabe? WHO imati m'mayiko olemera ana oposa 8 pa 10 odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka ochira safika 3 pa 10. Matenda ndi amodzi. Ana ndi amodzi. Chasiyana n'chiyani?

Choyamba tachiona kale. Ambiri sapezeka, ndipo opezekawo amafika mochedwa, atafooka, ena atanyentchera. Chachiwiri n'chakuti mankhwala a khansa ndi amphamvu. Amapha tizigawo toipa, koma kwa kanthawi amagwetsanso chitetezo cha mwana. Pa nthawi imeneyo mwana amafuna magazi, amafuna mankhwala opha tizilombo, amafuna chakudya chabwino ndi namwino womuyang'anira usana ndi usiku. Zimenezi zikaperewera, mwana akhoza kufa ndi matenda ena ali pakati pa chithandizo. N'chifukwa chake madokotala a m'mayiko ngati lathu amachepetsako mphamvu ya mankhwala, kuti ifanane ndi chisamaliro chimene angathe kupereka.

Koma chachitatu ndi chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa chili m'manja mwathu. Ndicho kusiya chithandizo panjira.

Chithandizo cha khansa ya m'magazi ndi ulendo wautali. Chimapitirira zaka 2. Masabata oyamba mwana amagonekedwa m'chipatala. Kenako amapita kunyumba, n'kumabwera pa masiku oikika, uku akumwa mapiritsi. Tsono chimene chimachitika ndi ichi. Pakatha mwezi umodzi, ana ambiri amaoneka ochira. Thupi lasiya kutentha. Mwana akudya, masaya adzaza, akuthamanga m'khonde la wodi. Mayi akumuona. Kenako akukumbukira kwawo. Wasiya ana ena atatu ndi agogo okalamba. Mvula yagwa, anzake adzala kale. Kageni kake ka tomato kaima. Bambo aimba foni, akuti kodi mubwera liti, ufa watha. M'zipatala za boma mankhwala ndi aulere, inde. Koma msewu si waulere. Minibasi yochokera ku Mangochi kupita ku Blantyre si yaulere. Basi yochokera ku Mzimba kupita ku Lilongwe si yaulere. Sopo, ndiwo, makala ophikira pa khitchini ya magadiyani, zonsezo ndi ndalama. Ndiye tsiku lobwerera kuchipatala likafika, thumba lili mbee, mwana akusewera bwinobwino, banja limati tidzapita mwezi wa mawa. Mwezi wa mawa sufika.

Mayi ameneyu si wosasamala. Tisamuweruze. Wasankha pakati pa mwana mmodzi wooneka wochira ndi ana atatu anjala. Koma choonadi chowawa ndi ichi. Mwana akaoneka wochira pakatha mwezi, khansa imakhala isanathe. Tizigawo toipa tochepa timakhala tidakabisala. Mankhwala akasiyidwa, timaswananso. Ndipo khansa yobwereranso imavuta kwambiri kuichiza kusiyana ndi poyamba.

Palinso mantha. Pa chithandizochi dokotala amabaya mwana pamsana nthawi ndi nthawi. Ndikudziwa zimene zimakambidwa m'midzi ndi m'mawodi, kuti munthu akatengedwa madzi a pamsana ndiye kuti wapita. Amayi ndi abambo, jakisoni ameneyu si wakupha. Anthu amene amamwalira atabayidwa pamsana amakhala kuti anafika akudwala kale kwambiri. Kwa mwana wa khansa ya m'magazi, jakisoni wa pamsana ndi wofunika zedi, chifukwa tizigawo toipa timakabisala m'madzi ozungulira ubongo, kumene mankhwala a m'mitsempha safika mokwanira. Tsitsi nalonso limathothoka. Musadandaule, limameranso. Ngati muli ndi mantha, funsani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani adokotala, funsani anamwino, funsani mayi mnzanu amene wakhalitsa m'wodimo. Koma musathawe ndi mwana usiku.

Kodi vuto la kusiya chithandizo lingathe? Lingathe. Ndikupatseni chitsanzo cha mzinda wa Recife, m'chigawo chosauka cha kumpoto chakummawa kwa dziko la Brazil. M'zaka za m'ma 1980, pa ana 10 odwala khansa ya m'magazi kumeneko, ochira anali 3 okha, ndipo mabanja ambiri ankasiya chithandizo. Madokotala a kumeneko anagwirizana ndi a St. Jude. Anakhazikitsa wodi yake ya ana a khansa, yokhala ndi anamwino ake ophunzitsidwa. Anthu akufuna kwabwino a mumzindamo anapeza nyumba yogonamo mabanja ochokera kutali. Ankawapatsa chakudya ndi ndalama yoyendera. Mwana akajomba, ankamulondola. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kusiya chithandizo kunali kutatsala pang'ono kutheratu, ndipo ochira anafika 6 pa 10. Taonani. Sanatulukire mankhwala atsopano. Anapereka pogona, chakudya, thiransipoti ndi munthu wolondola. Izi ndi zinthu zimene ifenso timazidziwa.

Kuno kwathu sitikuyambira pansi penipeni. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri timati ku Gulupu, kuli wodi ya ana odwala khansa, ntchito imene Pulofesa Elizabeth Molyneux anaigwira zaka zambiri pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a Chimalawi. Ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe nakonso ana a khansa amathandizidwa, mogwirizana ndi a Baylor ndi chipatala cha ana cha ku Texas. Ana a khansa ya m'magazi akulandira chithandizo m'malo amenewa, ndipo alipo amene achira. Pa dziko lonse, mu 2018 WHO inakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030, ana osachepera 6 pa 10 odwala khansa azichira kulikonse. Mu 2025 WHO ndi St. Jude anayamba kutumiza mankhwala a khansa ya ana kwaulere ku mayiko oyambirira ochepa, ndipo anansi athu a ku Zambia ali m'gulu limenelo. Khomo likutseguka. Koma mankhwala amathandiza mwana amene wafika, ndi amene wakhalabe mpaka kumapeto.

Tsopano ndilankhule ndi inu makolo mwachindunji. Sindikufuna kuti mwana aliyense akatentha thupi muziganiza za khansa. Ayi. Matendawa si ofala ngati malungo kapena chibayo. Koma pali nthawi yofunika kukayikira. Mwana wamwa mankhwala a malungo onse, koma thupi likutenthabe kapena likubwerezabwereza. Wathiridwa magazi, koma posakhalitsa wayeranso. Akulira mafupa usiku, akukana kuyenda. Akutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, ali ndi zipsera zosadziwika chiyambi chake. Mukaona ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi pamodzi, bwererani kuchipatala. Lankhulani mwaulemu koma momveka. Nenani kuti, adokotala, mwanayu ndabwera naye kachitatu ndi vuto lomweli, chonde muyezeni magazi onse, osati malungo okha. Kuyeza kumeneku amati full blood count, ndipo kumachitika m'zipatala za m'maboma. Mwina zotsatira zidzaonetsa kuti si khansa. Mwina ndi sickle cell, matenda ena ochepetsa magazi amene nawonso amafuna chisamaliro chake. Mwina ndi njoka za m'mimba kapena kuperewera kwa zakudya. Chilichonse chimene chingapezeke, mwapindula, chifukwa mwadziwa mdani wanu.

Chenjezo lina. Musagulire mwana wotere mapiritsi a prednisolone pa golosale kapena kwa ogulitsa mankhwala pamsika, ngakhale wina atakuuzani kuti amathetsa kuphwanya kwa thupi. Mapiritsi amenewa amabisa khansa ya m'magazi kwa kanthawi. Mwana amaoneka bwino, dokotala akayeza sapeza kanthu, kenako matenda amabwera ndi ukali.

Ndipo kwa achibale, ndikupempheni. Khansa ya m'magazi si ufiti. Si tsempho. Si chilango cha mayi kapena bambo. Sipatsirana. Mwana wodwala akhoza kudyera mbale imodzi ndi abale ake, kugona nawo mphasa imodzi. Kwa ana ambiri, palibe chimene makolo akanachita kuti aipewe. Choncho tisapasule mabanja, tisaloze zala agogo osalakwa. Pempherani, inde, ndipo pempherani kwambiri. Koma pempherani mwana ali pa mankhwala.

Kwa mudzi wonse, kwa mipingo ndi mizikiti, kwa amayi a banki m'khonde, ndili ndi pempho. Timadziwa kusonkha pamaliro. Uthenga ukangomveka, ufa umabwera, nkhuni zimabwera, chipepeso chimalembedwa m'kope. Ndi mwambo wabwino, tiusunge. Koma bwanji tisatsegule kope lina, la thiransipoti ya mwana amene ali pa chithandizo? Bwanji achinyamata asakapalire munda wa mayi amene ali kuchipatala? Bwanji mnansi asatenge ana otsalawo kuti azidya kwake? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndalama ya basi ya mwezi umodzi ikhoza kukhala kusiyana kwa mwana wochira ndi mwana wobwerera m'mbuyo.

Ndipo magazi. Ana amenewa amathiridwa magazi kambirimbiri. Magazi sagulidwa m'sitolo, amachokera m'mikono ya anthu. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ophunzira a m'masukulu, ndipo sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala. Inu akuluakulu athanzi, mukamva kuti atolera magazi afika pa tchalitchi kapena pa msika, pitani mukapereke.

Ndilankhulenso ndi inu achipatala, makamaka a m'zipatala zazing'ono, ndi inu alangizi a zaumoyo amene mumayendetsa sikelo m'midzi. Tikudziwa kuti mumagwira ntchito yolemetsa, odwala ambiri, zipangizo zochepa. Pa moyo wanu wonse wa ntchito mwina mudzakumana ndi ana a khansa ya m'magazi owerengeka chabe. Koma mwanayo akadzafika, inu ndinu khomo lake loyamba. Mukaona mwana amene wabwera kachitatu, woyera, wa kapamba wotupa, wolira mafupa, imani kaye mphindi imodzi. Mugwireni m'khosi. Muyang'aneni nkhama. Mutumizeni kukayezedwa magazi onse, ndipo ngati n'kotheka magaziwo atengedwe asanamuthire ena. Zotsatira zikakhala zachilendo, imbani foni kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Ndipo mulembeni. Ngakhale atamwalira musanamutumize, lembani chimene munakayikira. Akuluakulu a unduna wa zaumoyo adzagula zimene mabuku anu akunena.

Chomaliza, ndipo ichi n'chapafupi zedi. Kabuku ka kuchipatala ka mwana. Ambiri timakataya, kapena kakanyowa ndi mvula timangogula katsopano pa geti la chipatala. Ena tili ndi timabuku titatu ta mwana mmodzi, kena kali kwa agogo, kena m'chikwama cha bambo. Tikatero, wachipatala aliyense amamuona mwanayo ngati wabwera koyamba. Sadziwa kuti mwezi watha anamwa LA, kuti anathiridwa magazi masabata atatu apitawo, kuti sikelo yake ikutsika. Khansa ya m'magazi imagwidwa poona kubwerezabwereza kumeneku. Choncho sungani kabuku kamodzi. Kaikeni m'jumbo kuti kasanyowe. Kakadzaza, kasokereni pamodzi ndi katsopano. Mukafika pamaso pa adokotala, musangotsegula tsamba lopanda kanthu. Atsegulireni masamba a m'mbuyo, muwauze kuti, taonani apa, ndi apa, ndi apa.

Kwa inu amene muli m'wodi usiku uno, Mulungu akupatseni mphamvu.